Tingapeputse bwanji nsima ndi ndiwo zakwathu osataya kakomedwe?

aNaphiri, Mufakose

Moni nonse. Pakhomo pathu kuno ku Harare tilipo asanu, ndipo mwa akuluakulu mmodzi ali ndi BP, wina shuga wayamba kukwera. Kukiliniki anangoti tichepetse mafuta, mchere ndi nsima, koma muyezo wake sanatchule. Timadya zakwathu zomwe zija: nsima masana ndi madzulo, nkhwani kapena repu, nyemba, matemba, nkhuku Lamlungu. Botolo la mafuta la malita 2 limatha m'masiku 10. Kuphika miphika iwiri, wa odwala ndi wa ena, sindingakwanitse ndi mtengo wa gasi. Amene mukudziwa, ndithandizeni ndi miyezo yeniyeni, kuti chakudya chikhale chopepuka koma anthu azidya mokondwa.

aNabanda, Highfield

Achemwali, yambani ndi botololo, chifukwa ndi pamene kusintha kumaoneka msanga. Malita 2 ndi masupuni aakulu pafupifupi 133. Mukagawa pa masiku 10 ndi anthu 5, aliyense akumwa masupuni opitirira awiri ndi theka a mafuta tsiku lililonse, osawerengera majarini wa pabuledi ndi mafuta a munyama. Supuni imodzi yokha ili ndi makalori 120. Yesetsani kuti botolo lomwelo lifike masiku 20, kenako mwezi. Njira yake ndi imodzi: musathire mafuta kuchokera m'botolo kulunjika mumphika. Dzanja silidziwa muyezo. Mangirirani supuni pakhosi pa botolo, ndipo mphika wa ndiwo wa anthu 5 uzilandira supuni imodzi, ukakhala wa nyemba imodzi ndi theka.

Ambiri amalephera apa chifukwa cha moto. Mafuta akachepa pamoto waukulu anyezi amapserera asanafewe, wophika n'kuonjezera mafuta kuti apulumutse ndiwo. Chitani chonchi. Moto ukhale wochepa, anyezi muduledule mopyapyala, muike m'mafuta ndi kamchere pang'ono, muvundikire mphindi 4 kapena 5. Mcherewo umatulutsa madzi a anyezi ndipo amafewa m'nthunzi yake yomwe. Akayamba kumata pansi, thirani masupuni awiri a madzi otentha n'kupalira ndi mthiko. Zofiirira zomata pansi zija ndiye kakomedwe komwe timati ndi ka mafuta. Mukabwereza kawiri katatu, anyezi amafiira bwinobwino. Matimati musadule zigawo zikuluzikulu. Aperekeseni pa gireta kapena muwasinje, muwaphike osavundikira mphindi 8 mpaka 10 kufikira madzi atauma ndipo mtundu wadera. Msuzi wochita tiwi umachokera ku matimati opsa bwino. Matimati akathiridwa madzi asanapse, msuzi umakhala wowawasa ndi wamadzimadzi, ndipo anthu amadandaula kuti mwamana mafuta.

Nkhuku ya buloila safuna mafuta ngakhale dontho. Chotsani khungu ndi mafuta achikasu a kumchira ndi m'mimba, ikani zidutswa mumphika wouma ndi theka la kapu ya madzi, anyezi ndi adyo, muvundikire. Madzi akauma nkhuku imatulutsa mafuta ake ndipo imadzikazinga yokha. Ikafiira ndiye muthire matimati. Ya lokolo, imene kuno amati road runner, ili ndi mafuta ochepa koma ndi yolimba, choncho iwire kaye pamoto wochepa ola limodzi kapena kuposa. Nyama ya ng'ombe, zam'kati ndi mang'ina, omwe m'mabutchala a kuno mumapeza ndi dzina loti mazondo, ziphikeni dzulo lake ngati magetsi alipo, msuzi ugone mufuriji. M'mawa mafuta amakhala ataundana pamwamba ngati kandulo ndipo mumangowakatula ndi supuni. Magetsi akakhala kuti azima, phulani mphika, udikire mphindi 10, mupendeketse pang'ono n'kuyengula mafuta oyandama.

Koma musafike pophika masamba opanda mafuta aliwonse. Vitamini A wa m'masamba obiriwira ndi m'maungu amalowa bwino m'thupi pakakhala kamafuta, kaya ka m'botolo kaya ka m'nsinjiro.

aMwale, Mbare

Ine ndilankhulepo za ufa. Ufa woyera wakwathu, wokonola ndi kuviika uja, ndi mnzake wa m'sitolo amene amalemba kuti super refined, onse anachotsedwa madeya ndi kamtima ka chimanga. M'madeya ndi m'kamtimamo ndi momwe muli mavitamini a gulu la B, timafuta tabwino ndi zija zimene zimathandiza m'mimba kuyenda. Ufa wa m'sitolo wotchedwa roller meal uli pakati, mgaiwa ndiye wathunthu. Chiyambire 2017 boma la Zimbabwe linalamula kuti makampani aziika mavitamini ndi michere ya m'thupi mu ufa wa chimanga, ufa wa tirigu, shuga ndi mafuta ophikira, kotero ufa wa m'paketi uli ndi zina zimene wa kuchigayo ulibe. Koma madeya sabwezeredwa, ndipo ndiwo amene amachititsa munthu kukhuta nthawi yaitali.

Mukasintha tsiku limodzi kuchoka pa ufa woyera kupita pa mgaiwa, nsima idzabwerera kukhitchini. Sabata yoyamba sakanizani makapu atatu a ufa wanthawi zonse ndi imodzi ya mgaiwa, sabata yachitatu theka ndi theka, pakutha mwezi mgaiwa uchuluke. Mukazolowera, lowetsanimo mbewu zazing'ono. Ku msika wa Mbare Musika zilipo, kungoti muzifunsa m'Chishona: mawere ndi zviyo kapena rapoko, mapira ndi mapfunde, mchewere ndi mhunga. Muyezo wabwino poyambira ndi magawo atatu a mgaiwa ndi limodzi la mawere. Mawere ali ndi kashiamu wambiri kuposa chimanga. Vuto lake ndi mchenga, chifukwa njere zake n'zazing'ono ndipo amapunthira pansi. Mugule a njere, mupete, mutsuke m'beseni kuti mchenga utsalire pansi, muyanike aume gwa, kenako kuchigayo. Ufa wogayagaya kale wa pamsika muyambe mwautafuna pang'ono musanalipire. Ukalira m'mano usiyeni.

Kaphikidwe ka anthu 5: madzi makapu 5, ufa makapu awiri ndi theka, kapu ya mamililita 250. Tenthetsani makapu 4 a madzi, ndipo kapu imodzi ya ufa muisungunule m'kapu yotsalayo ya madzi ozizira musanathire mumphika. Ufa wa mawere ukagwera wouma m'madzi otentha umapanga mibulu yosatheka kuphwanya. Vundulani mpaka phala liwire, muvundikire, lipse mphindi 15. Apa ndi pamene ambiri amalakwa: amathyakula pakangotha mphindi 5 monga amachitira ndi ufa woyera, nsima n'kumamveka yaiwisi ndi yokhakhala, kenako n'kumati mgaiwa umapweteka m'mimba. Madeya amafuna nthawi kuti afewe. Phala likapsa onjezerani ufa wotsalawo pang'onopang'ono mukuthyakula, mulekeze nsima ikadali yofewerapo chifukwa ya mgaiwa ndi mawere imalimba ikamazizira. Vundikirani mphindi 5 pamoto wochepa musanaomole.

Mgaiwa musagaitse wambiri. Kamtima kaja kali ndi mafuta, ndipo m'nyengo yotentha ya October ndi November ufa umayamba kuwawa ndi kununkha pakangopita masabata ochepa. Gaitsani wokwana masabata awiri kapena atatu, muuyanike uzizire ukachoka kuchigayo, muusunge m'ndowa yotseka pamalo ozizira.

aNankhoma, Dzivarasekwa

Bambo Mwale anena zoona, koma pali chimodzi chimene ndikufuna chimveke bwino chifukwa chimapweteketsa anthu. Mgaiwa ndi mawere si mankhwala a shuga. Chimanga chikagayidwa kukhala ufa wosalala n'kuphikidwa, thupi limachisandutsa shuga mwamsanga, chikhale choyera kapena chakuda. Munthu wodya mitanda itatu ya mawere shuga wake akwera kuposa wodya mtanda umodzi wa ufa woyera. Choncho muyezo wa mtanda ndiwo woyamba, mtundu wa ufa ndi wachiwiri. Pa mbale ya munthu wamkulu wosagwira ntchito yakalavulagaga, theka likhale masamba, gawo limodzi mwa anayi nyemba, nsomba kapena nyama, lotsalalo nsima ya kukula ngati chibakera chake. Kwathu tinazolowera phiri la nsima ndi kambale kakang'ono ka ndiwo, ndiye muyenera kutembenuza. Pezani chipande chaching'ono, ndipo masamba muziphika mitolo iwiri pamene munkaphika umodzi. Aliyense ayambe kudya masamba ndi nyemba asanagwire nsima. Ana ndi achinyamata amene akukula musawachepetsere, aonjezere monga afunira, mphika ndi umodzi womwewo.

Amene akumwa mapilisi otsitsa shuga kapena kubaya insulin asadule nsima mwadzidzidzi kapena kudumpha chakudya. Shuga atha kutsika kwambiri, munthu n'kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuchita chizungulire. Akauze a kukiliniki kuti kadyedwe kasintha, ayezedwe, mlingo wa mankhwala auonenso.

Tsopano mchere, womwe ndi nkhani ya wa BP uja. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, omwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuphatikiza wobisika m'buledi, m'masoseji, m'matemba ndi m'zokometsera. Timakiyubu ta msuzi ndi ufa wa m'mapaketi monga Royco Usavi Mix zili ndi mchere kale, choncho mukathira zimenezo musathirenso wina. Mphika wa ndiwo wa anthu 5 uzilandira theka la supuni yaing'ono, ndipo muthire chakumapeto madzi atauma, chifukwa mukathira poyamba mumalawa msuzi wosungunuka n'kuonjezera, kenako ukauma mchere umawawa. Kambale ka mchere kachoke patebulo. Lilime limazolowera m'masabata ochepa ngati muchepetsa pang'onopang'ono. Madzi a mandimu ofinyira pa masamba kapena nsomba pophula, adyo, jinja ndi tsabola zimatseka mpata umene mchere wasiya.

Chimene ambiri sadziwa ndi chakuti soda ndi mchimwene wake wa mchere. Chimene chimakweza BP mumchere ndi sodium, ndipo supuni yaing'ono imodzi ya soda ili ndi mamiligalamu opitirira 1,200, pomwe muyezo wa tsiku lonse ndi 2,000. Pamwamba pa apo soda amaononga vitamini C ndi ena a gulu la B m'masamba. Ndiwo zimaoneka zobiriwira mokongola koma zambiri zofunika zapita.

aNaphiri, Mufakose

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba. Amayi Nankhoma, nanga nkhwani ndi therere zifewa bwanji popanda soda? Ndipo kutendera tsiku lililonse m'malo mwa mafuta kuli bwino?

aNankhoma, Dzivarasekwa

Nkhwani safuna soda ngati mwasankha bwino. Tengani nsonga ndi masamba atatu oyambirira, aakulu okhakhala asiyeni. Sendani ulusi wa pamapesi ndi m'mitsempha ya tsamba, tsukani musanadule, chifukwa mukatsuka mutadula mavitamini amapita ndi madzi. Mumphika muwire madzi ochepa, theka la kapu pa mitolo iwiri, muike mapesi poyamba mphindi 2, kenako masamba, muvundikire mphindi 6 mpaka 8. Madzi azithera m'ndiwo momwemo, osataya. Bonongwe, kholowa ndi chitambe chanthete zimapsa chimodzimodzi. Chisoso ndi luni (luniyo m'Chishona amati nyevhe) n'zowawirapo, ndipo kuwawako kumachepa mukasakaniza ndi bonongwe kapena mukatendera. Mfutso muuviike m'madzi ofunda mphindi 20 n'kuphikira m'madzi omwewo. Chigwada chokha ndicho chosiyana: chisinjidwe bwino ndipo chiwire nthawi yaitali, mphindi 30 kapena kuposa, poyamba chosavundikira, chifukwa masamba a chinangwa ali ndi poizoni amene amachoka ndi kusinja ndi kuwira. Pamenepo musafupikitse.

Therere ndivomere, popanda soda silitelera monga tinazolowera. Chepetsani kufika pa kansonga ka supuni yaing'ono pa mphika wonse, lidulidwe mopyapyala kwambiri, madzi akhale ochepa, muzipukusa mwamphamvu likamawira, matimati alowe kumapeto chifukwa kuwawasa kwake kumadula kutelera. Tsiku la therere mchere uchepenso. Chidulo chili ndi sodium wochepa kuposa soda koma mavitamini chimaononga chimodzimodzi, ndipo amene ali ndi vuto la impso asachigwiritse ntchito asanafunse dokotala, popeza phulusa lili ndi potaziyamu wambiri.

aNgozo, Mabvuku

Za kutendera ndiyankhe ine, amayi. Mtedza pafupifupi theka lake ndi mafuta. Ndi mafuta abwino, ndipo amabwera pamodzi ndi zomanga thupi, koma kunenepetsa amanenepetsa. Lamulo likhale loti mphika umodzi, mafuta amodzi: mukatendera musakazinge. Pa masamba a anthu 5 masupuni aakulu 4 a nsinjiro akwana. Masamba ndi matimati zikapsa, wazani nsinjiro pamwamba, musavundule, vundikirani mphindi 3 kuti zinyowe ndi nthunzi, kenako vundulani ndi kusiya mphindi 5 pamoto wochepa. Mukavundula nthawi yomweyo zimapanga mibulu ndi kumata pansi, ndipo mukaphula msanga zimamveka zaziwisi. Kuno chiponde, chomwe amati dovi, chimapezeka mosavuta kuposa nsinjiro. Masupuni awiri okha, musungunule kaye m'madzi ofunda. Cha m'sitolo muwerenge pabotolo, china amathira shuga ndi mchere.

Chenjezo lalikulu pa mtedza ndi chuku. Mtedza wosungidwa ponyowa umagwira nkhungu imene imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amaononga chiwindi, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuchotsa. Gulani wa njere kuti muzione, musankhe m'lichero, mutaye wofota, wosweka, wakuda ndi wowawa. Osaupereka kwa ana kapena kusinjira pamodzi ndi wabwino poopa kutaya.

Matemba a ku Kariba, amene m'mapaketi amalemba kapenta, amaumitsidwa ndi mchere, mosiyana ndi usipa wongoyanika wa kunyanja kwathu. Aviikeni m'madzi ofunda mphindi 10, tayani madziwo, tsukaninso kamodzi. Kupitirira mphindi 20 amafumbutuka. Akakhetsa madzi, akazingeni m'chiwaya chouma pamoto wapakati mukutembenuza mpaka aume ndi kununkhira, kenako alowe mu anyezi ndi matimati ophika monga afotokozera aNabanda. Mchere musathire konse. Kukazinga kouma kuja kumapereka kukhutchuka komwe anthu amafuna akamawamiza m'mafuta. Mitu musachotse, kashiamu ali m'minga ndi m'mitu momwemo.

Nyemba zichuluke pa sabata, katatu kapena kanayi, chifukwa zimakhutitsa ndipo shuga sakwera nazo msanga. Pamsika samalani ndi dzina: Mshona akati nyemba akunena khobwe, zathu zija amati sugar beans, ndipo nzama ndi nyimo. Viikani makapu awiri m'madzi ambiri maola 8 mpaka 12, tayani madziwo, zimachepetsa mpweya m'mimba ndi nthawi ya pamoto. Ziwire mwamphamvu mphindi 10 zoyambirira, makamaka zofiira, kenako moto uchepe. Pofuna kusunga gasi, zikawira mphindi 20 phulani mphika uli chivundikirire, muukulunge m'bulangete lokhuthala, muuike m'dengu kapena m'katoni maola 4. Zimapsa ndi kutentha komwe zasunga, kenako muziwiritsenso musanakometsere. Matimati alowe nyemba zitafewa, apo ayi khungu limalimba ndipo mudzafuna soda. Msuzi kuti ukhale wa tiwi popanda mafuta, tapani kapu imodzi ya nyemba zakupsa, muiphwanye ndi mthiko, mubwezere mumphika.

aNabanda, Highfield

Tisaiwale za m'mawa ndi zakumwa, chifukwa shuga wambiri amalowera kumeneko. Tiyi wa masupuni aang'ono atatu, makapu atatu patsiku, ndi magalamu 36 a shuga, pomwe WHO imati ndi bwino kusapitirira 25. Chotsani theka la supuni sabata iliyonse. Tiyiyo azimwedwa patapita ola mutadya nyemba kapena masamba, chifukwa amatchinga ayironi kulowa m'thupi. M'malo mwa buledi ndi majarini, mbatata yowiritsa ndi makoko ake kapena futali wa maungu wothira masupuni atatu a nsinjiro, wopanda shuga.

Thobwa lophika bwino silifuna shuga. Kutsekemera kumachokera ku chimera, koma chimera chikathiridwa m'phala lowira chimafa ndipo thobwa limakhala lozizira mkamwa, n'chifukwa chake anthu amathira shuga. Phulani phala, lizizire mpaka chala chizitha kukhalamo kanthawi, thirani kapu imodzi ya chimera pa malita 5, vundulani, vundikirani. Mudzaona phala likusungunuka lokha. Komabe kutsekemera kumeneko ndi shuga ndithu m'thupi, choncho wodwala uja amwe theka la kapu pamodzi ndi chakudya, osati pothetsa ludzu. Maheu a m'sitolo ndi chakumwa chosungunula cha Mazoe ziziwerengedwa ngati zotsekemera, osati madzi.

Mandasi ndi zitumbuwa zisanduke chigumu. Mgaiwa makapu awiri, nthochi zakupsa kwambiri 4 zophwanya, dzira limodzi, chambiko kapu imodzi, mafuta masupuni awiri, soda theka la supuni yaing'ono. Apa soda ali ndi ntchito, amakumana ndi kuwawasa kwa chambiko n'kufufumitsa, ndipo theka la supunilo ligawidwa pa zidutswa 10. Shuga musathire, nthochi zamadontho akuda zimakwanira. Sakanizani, dikirani mphindi 10 kuti mgaiwa umwe madzi, thirani m'chitini chopaka timafuta. Mu uvuni ndi madigiri 180, mphindi 35 mpaka 40. Pa mbaula, makala ochepa pansi ndi ambiri pa chivundikiro, chifukwa chigumu cha nthochi chimapserera pansi m'kati musanapse. Lasani ndi mpeni pakati, ukatuluka wouma phulani, ndipo mudule chitazizira kuti chisanyenyeke.